Nthuli ya Kunsonga

1

Ndiyambe ndi kuvomera. Ine ndi amene ndinachititsa manyazi mtsikana wa zaka 16 pamaso pa banja lonse, pa tsiku lomwe tinkakumbukira imfa ya Amayi. Achemwali anga mpaka lero akandiimbira foni amangofunsa ngati ndili moyo n'kudula. Amalume amauza anthu kuti sukulu inandisiyira mutu wokha, mtima inatenga. Mwina akunena zoona. Koma musanandiweruze, lowani kaye m'khitchini mwathu ndikuuzeni za nyama.

Amayi anagwirako ntchito m'khitchini ya hotela ali mtsikana, ndipo chimene anachokako nacho ndi luso lowotcha nyama ya ng'ombe mu uvuni pamodzi ndi mbatatesi. Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse nyumba yathu inkanunkhira mpaka galu wa aneba ankasamukira pakhomo pathu. Ankabaya nyamayo ndi nsonga ya mpeni malo khumi ndi awiri, n'kulowetsa adyo m'bowo lililonse. Ankaipaka mchere ndi tsabola, kuimanga ndi ulusi kuti isaphwasuke, n'kuigoneka pamwamba pa anyezi. Mbatatesi ankaziwiritsa pang'ono, kukhetsa madzi, kenaka n'kugwedeza poto mwamphamvu kuti zikhakhale kunja, zikamwe bwino mafuta. Nyama ikapsa sankaidula pompo. Ankaivundikira mphindi makumi awiri kuti ipume.

M'nyumbamo tinalimo anthu anayi: Bambo, Amayi, achemwali ndi ine. Koma mbatatesi zinkasendedwa khumi ndi imodzi. Aliyense ziwiri, zitatu n'kutsala.

Nyama yowotcha imakhala ndi nsonga ziwiri, ndipo wodziwa kudya aliyense akuuzani kuti kukoma konse kumathawira kumeneko. Ndi komwe kumapserera pang'ono, kumalowa mchere, kumalira ukaluma. Nsonga imodzi inali ya Bambo, poti ndi Bambo. Inayo inali yanga, poti ndine mzime. Ndiye tsiku lina, ndili ndi zaka khumi, inasiya kukhala yanga. Amayi anaidula nyama isanafike patebulo, n'kuiika mu kontena ya chivundikiro chofiira pamodzi ndi mbatatesi zitatu.

"Amayi, nthuli yanga mukupita nayo kuti?"

"Yapeza mwini wake, Mzime."

"Ndani?"

"Mlonda wa kuntchito kwa bambo ako. Ndi nkhalamba, alibe womuphikira. Iwe uli ndi ine."

Ndinalira tsiku limenelo. Mwezi wotsatira ndinapemphanso, yankho linali lomwelo. Kenaka ndinazolowera. Tikatha kudya, Bambo ankanyamula kontena ija n'kutuluka, ndipo inkabwera yotsukidwa bwino.

2

Amayi anayamba kudwala ine ndili chaka chachiwiri ku koleji, komwe ndinkaphunzira zoyeza malo. Achemwali anali atakwatiwa, ali ndi khanda pamsana. Bambo anali kapitawo pa nyumba yosungiramo katundu ndipo ankati ntchito singawalole. Ndinati ndipume teremu imodzi yokha. Teremu imodzi ija inabereka inzake, mpaka dzina langa linafufutidwa m'kaundula.

Sindikudandaula. Ndinkawatembenuza Amayi pabedi, kuwapaka mafuta kumsana, kuwamwetsa phala ndi supuni yaing'ono. Anaonda mpaka ndinkawanyamula ngati mtolo wa zovala. Koma Lamulungu loyamba la mwezi likakwana, mawu awo ankabwerera.

"Mzime! Wabaya malo angati?"

"Khumi ndi awiri, Amayi."

"Poto wagwedeza? Sindinamve."

Ndinkagwedezanso kuti amve ali kuchipindako. Iwo nyamayo anali atasiya kudya, ankangofuna fungo. Ndipo funso lomaliza linali limodzi nthawi zonse.

"Kontena wakonza?"

Ndinkadula nsonga ija ndi dzanja langa, ikundinunkhira, palibe wondiona, koma sindinalaweko ngakhale kamodzi. Amayi anati ili ndi mwini wake.

Anamwalira pa Lamulungu lotero, dzuwa likupendeka. Bambo anali atangotuluka ndi kontena. Mpweya wa Amayi unasintha, unayamba kumveka ngati munthu akukoka mpando pansi. Ndinaimba foni ya Bambo kasanu ndi kawiri, osayankhidwa. Amayi anandigwira chala, anayang'ana kukhomo, anayang'ananso kukhomo, kenaka sanayang'anenso. Bambo anafika patatha maola awiri, ine nditawatseka kale maso akazi awo. Anati foni inali m'thumba la jekete, ankacheza ndi nkhalamba ija. Ndinawakhulupirira. Ndinawakumbatira tikulira tonse.

Kontena sinabwere tsiku limenelo, ndipo sindinaifunse. Chaka chonse uvuni sindinauyatse.

3

Sabata yoti chaka chikwane, Bambo anandipeza ndikuchapa.

"Lamulunguli uwotche nyama ya amayi ako," anatero akuyang'ana beseni m'malo moyang'ana ine. "Tikhale pamodzi ngati kale. Mlongo wako abwera ndi mwamuna wake, amalume ako nawonso. Uwonjezere mbale imodzi."

"Ya ndani?"

"Ya amene ankadya za mu kontena uja."

Ndinasangalala, ndikuuzeni zoona. Zaka khumi ndi ziwiri ndikulandidwa nthuli ndi munthu amene sindinamuonepo! Ndinaganiza kuti ndidzamugwira chanza mkuluyo, ndimuuze kuti ali ndi mlandu ndi ine, tiseke. Komanso ndinkafuna kuti nyamayo ikome ndendende ngati ya Amayi. Chichokereni iwo tinkangodutsana m'nyumba ngati anthu a pa depoti. Ndinkakhulupirira kuti fungo lija likabwerera, nafenso tibwererana.

Loweruka ndinapita kwa abutchala amene Amayi ankagulako. Atandiona anasiya kunola mpeni.

"Mwana wa amayi a adyo! Ndimayesa munasamuka."

"Tilipo, bambo. Mundidulire ija ya nthawi zonse, yamafuta pamwamba."

"Ameneyo ndiye anali kasitomala," anatero akudula. "Nyama ankaiyang'ana ngati akusankha mkamwini."

Lamulungu masana achemwali anafika n'kulowa m'khitchini kudzandithandiza. Anali osakhazikika. Anagwetsa mpeni kawiri. Amalume, mchimwene wawo wa Amayi, anasuzumira pakhomo atanyamula botolo la chakumwa.

"A Digiri ali pa ntchito! Anzanu akuyeza minda, inu mukuyeza mchere."

"Mukadya musapemphe yowonjezera, amalume."

Ndinabaya malo khumi ndi awiri. Ndinamanga ulusi monga ankamangira Amayi. Nditagwedeza poto wa mbatatesi ndinadzipeza ndikutchera khutu kuchipinda chija, kudikira mawu. Achemwali anandigwira phewa.

"Mzime, lero chilichonse chimene chichitike, uzikumbukira kuti Amayi ankakukonda."

"Zimenezo zabwera bwanji?"

"Ndangonena."

4

Galimoto ya Bambo inaima panja cha m'ma faifi, nyama itatsala pang'ono kupsa. Ndinapukuta manja n'kutuluka kukalandira nkhalamba yanga.

M'galimotomo munatsika mtsikana wowonda, atavala diresi yositidwa mpaka mizere kuoneka. M'manja anafumbata kontena ya chivundikiro chofiira. Ndinaizindikira ndi kona imodzi yosungunuka, pomwe ndinaigunditsa mbaula tsiku lina.

"Takulandira," ndinatero. "Agogo ako atsala kuti? Kapena sakupeza bwino?"

Mtsikanayo anayang'ana Bambo. Bambo anayang'ana makiyi awo.

Nthawi yomweyo mwana wa achemwali, kamnyamata ka zaka zitatu komwe kamaopa ngakhale wobweretsa makalata, kanatuluka m'nyumba kakuthamanga n'kukamukumbatira m'miyendo.

"Anti! Anti abwera!"

Mtsikanayo anakanyamula mozolowera, kontena ili m'khwapa. Amalume anamupatsa moni womufunsa za mayeso ake a masamu. Alamu anga anamulandira kachikwama. Ndinayang'ana nkhope yake bwinobwino: mpata wa pakati pa mano, makutu oima ngati zogwirira poto. Makutu amenewo ndimawaona m'galasi tsiku lililonse.

"Muli bwanji, achimwene?" anatero akupinda mawondo.

"Tilowe, tidye kaye," Bambo anafulumira. "Zokamba zibwera tikakhuta."

Ndinabwerera kukhitchini, ndinatulutsa nyama mu uvuni n'kuivundikira kuti ipume. Manja ankagwira ntchito okha.

5

Achemwali ananditsatira n'kutseka chitseko.

"Mlonda ali kuti?" ndinafunsa.

"Mzime, tsitsa mawu."

"Ndati mlonda ali kuti?"

"Kulibe mlonda. Sanakhalepo." Anatsamira sinki. "Ndi mwana wa Bambo. Amayi ake anali telala kufupi ndi kuntchito kwawo. Anamwalira iye ali ndi zaka zinayi, ndiye wakulira kwa azakhali ake. Azakhaliwo akusamuka. Bambo akufuna adzakhale kuno."

"Inu mwadziwa liti?"

"Ndisanakwatiwe."

"Amalume?"

"Kuyambira pachiyambi."

"Ndiye nonse munkawanamiza Amayi? Mayi akudulira nyama mwana wa mkazi wina, iwo akuyesa akudyetsa nkhalamba, inu mukuonerera?"

Ndinkafuna ayankhe kuti inde. Mukhulupirire, ndinkapemphera kuti ayankhe kuti inde, chifukwa ndikanakhala ndi mnzanga mmodzi, ngakhale wa kumanda. Achemwali anapukusa mutu.

"Za kontena anayambitsa ndi Amayi. Za mlondanso anapeka ndi iwo. Bambo ataulula, Amayi anakhala mwezi osawalankhula. Kenaka anati mwana sanalakwe, sangamulandire m'nyumba koma sangamusiyenso osadziwa kuti kuli anthu ake. Ankapita kukamuona kusukulu. Diresi wavalayo anamugulira ndi iwo."

Ndinakhala pa chidebe cha ufa.

"Nanga ine?"

"Anatiletsa. Anati iwe umawaona Bambo ngati munthu wosalakwa, mtima wako ndi wofewa, ukamva usokonezeka mpaka usiya sukulu."

Ndinaseka. Kuseka koipa, kosachokera pabwino.

"Ndisiya sukulu? Achemwali, sukuluyo ndili nayo?"

"Ankati adzakuuza okha ukamaliza."

"Miyezi khumi ndi isanu ndi itatu ndinagona pansi pambali pa bedi lawo. Ankandiuza za ubwana wawo, za mnyamata amene anawafunsira Bambo asanabwere, za komwe anabisa ndolo zawo. Izi zokha ndiye zinasowa mpata?"

Achemwali anayamba kulira. Ine m'mutu mwanga munabwera chinthu china, chozizira.

"Tsiku lija ndinkaimba foni kasanu ndi kawiri, Bambo anali kuti?"

Achemwali anatembenukira kusinki.

"Ndipo Amayi poyang'ana kukhomo ankadziwa komwe ali. Anawatuma okha. Ndi kontena yomwe ndinakonza ine."

Mphindi makumi awiri zinali zitakwana. Ndinavundukula nyama, ndinadula ulusi. Inapsa bwino kuposa ina iliyonse imene ndinawotchapo, yofiirira kunja, yofewa mkati, msuzi ukutsika pang'onopang'ono pa thabwa.

6

Apa ndi pomwe ndinalakwa, ndipo sindibisa kanthu.

Ndinakonza mbale zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo ya kamnyamata kaja, n'kupita nazo patebulo. Bambo ndinawaikira nsonga yawo. Mbale yomwe inali patsogolo pa mtsikanayo ndinaichotsa. Kontena ija anali ataiika pa kabati. Ndinaitenga, ndinapita nayo kukhitchini, ndinaikamo nsonga inayo ndi mbatatesi zitatu, ndinatseka chivundikiro n'kukaiika pamaso pake.

"Zako ndi izi," ndinatero. "Iwe sudyera m'mbale za nyumba ino. Umadyera umu. Ukafuna ukadyere m'galimoto, Bambo akuperekeza. Amadziwa kuperekeza kontena ngakhale m'nyumba muli munthu akufa."

Amalume anaimirira mpaka mpando kugwa.

"Iwe mwana, wapenga?"

"Khalani pansi, amalume. A Digiri akuyeza malo a aliyense."

Ndinkayembekeza kuti mtsikanayo alira kapena athawa. Ndinkafuna atero. Iye anangoyang'ana kontenayo, kenaka anaitsegula mwakachetechete monga munthu amene waitsegula kambirimbiri. Anatenga foloko. Anadya mbatatesi imodzi, yachiwiri, yachitatu, tonse tikumuyang'ana. Misozi inkagwera mu kontenamo osaipukuta.

Atamaliza anatseka chivundikiro n'kuikankhira kwa ine.

"Nyamayi ndi yanu, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Amayi anandiuza kuti kale inali yanu. Anati munalira tsiku loyamba, koma simunabepo ngakhale kamodzi. Ankati ndikadzakuonani ndidzathokoze." Anapukuta misozi. "Ndinaisunga kontenayi chaka chonse kuti ndidzabweze ndekha. Zikomo chifukwa cha nyama."

Amayi. Anawatchula choncho, popanda kuwonjezera kuti anu.

Anaimirira n'kupempha alamu anga kuti amuperekeze kokwerera basi. Achemwali ananyamula mwana wawo n'kumutsatira. Amalume anatenga botolo lawo. Bambo anakhala pang'ono, akuyang'ana nsonga ya m'mbale mwawo.

"Foni ija ndinaimva," anatero. "Ndinkamuthandiza masamu. Ndinati ndiimba ndikamaliza."

Anatuluka nawonso. Nyama ya Amayi inazizira patebulo, mbale zisanu ndi imodzi zosakhudzidwa.

Ndinatsegula kontena. Ndinadya nthuli ija chiimire, ndi manja. Ndikanakonda kukuuzani kuti inali yowawa kapena yolimba. Ayi. Inali yokoma ndendende monga ndinkaikumbukira ndili ndi zaka khumi, ndipo chimenecho ndicho chinandiliza.

7

Papita miyezi inayi. Mtsikana uja sanabwere kudzakhala kwathu, akukhala kwa achemwali. Ine ndi Bambo timapatsana moni m'mawa ngati anthu ogwira ntchito pamodzi. Mtsikanayo ndinamulembera uthenga wopepesa, iye anayankha mawu amodzi okha: "Ndamva." Sindimuimba mlandu. Pa anthu onse amene anali patebulo lija, ndi iye yekha amene sanandinamizepo, ndipo ndi iye amene ndinamubaya.

Inu owerenga, ndikudziwa zimene ambiri munena: kuti Amayi anali munthu wamtima waukulu, anadyetsa mwana wa mkazi amene anawalanda mwamuna. N'zoona. Ndikamaganiza bwino ndimawanyadira. Koma Bambo kundinamiza ndikutha kukusenza, chifukwa anthu amanama pobisa manyazi awo. Chimene chikundikanika ndi cha Amayi. Anamuuza mwana uja zonse za ine, mpaka misozi yanga, koma ine sanandiuze ngakhale kuti iye alipo. Anandiona woyenera kuwasambitsa ndi kuwatseka maso, koma wosayenera kumva zoona. Ndipo munthu amene wapita sungamufunse kuti, Amayi, munatero chifukwa chiyani?

Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene nonse mwagwirizana kumubisira nkhani poti ndi wofewa mtima, dziwani kuti tsiku lina adzaimva, ndipo sadzayamba ndi kufunsa kuti chinachitika n'chiyani. Adzayamba ndi kuwerenga amene ankadziwa. Muuzeni mukadali ndi mpweya woti mumuyankhe.

Lamulungu lapitali linali loyamba la mwezi. Ndinayatsa uvuni, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinabaya malo khumi ndi awiri, ndinagwedeza poto, palibe amene anafunsa kuchokera kuchipinda. Nditawerenga mbatatesi ndinapeza kuti ndasenda zitatu zowonjezera. Ndinadula nsonga n'kuiika mu kontena ya chivundikiro chofiira, ndinakwera basi mpaka kwa achemwali, ndinaisiya pakhonde n'kugogoda. Sindinadikire kuti atsegule.

Kontenayo sinabwerebe. Amayi sindinawakhululukire. Koma nyama ndimawotcha monga anandiphunzitsira, chifukwa njira ina sindiidziwa.